Ukwati wa M'ndowa ya Azakhali

Azakhali anga ali ndi malo ochapira zovala: makina awiri, tebulo lositira, ndi bambo wina wosita amene amalankhula ndi simbi yake kuposa ndi anthu. Ine ndili ndi digiri ya kemisitiri, ndipo ndimapinda mathawulo. Azakhali amanditchula Pulofesa, makamaka akafuna kuti ndikolope.

M'mawa wina, mayi woyang'anira nsalu kuhotela yapafupi anabweza mtolo wonse wa nsalu za patebulo. Anayala imodzi pamaso pathu. Madontho a mafuta a nyama anali pomwepo, ndipo anali atapeza anzawo, timizere totuwa tomata m'zala.

"Kununkhira kokha zikununkhira," anatero mayiwo. "Ndibweranso masana. Ndikazipeza chonchi, nsalu zathu zizipita kwina."

Hotelayo ndiyo inkazungulitsa makina athu. Popanda iyo tikanatsala ndi masuti a anthu ochapitsa kamodzi pachaka.

Mayiwo atachoka, azakhali anakhala pansi, manja ali m'masaya. "Ndikuwonjezera sopo tsiku ndi tsiku, koma zikungoipiraipira. Sopo wa masiku ano ndi phulusa."

Ndisaname, ine ndinasangalala. Sopo wambiri, nsalu yakuda kwambiri? Funso lokoma chonchi ndinali ndisanalione chichokereni kusukulu. Ndinabisa mano n'kuyamba kufufuza.

Madzi analibe mlandu, chifukwa zovala za anthu ena zinkayera ndi madzi omwewo. Makina nawonso chimodzimodzi. Ndinatapa sopo m'thumba, ndinathira m'botolo la madzi, ndinadonthezamo mafuta ophikira n'kukhutchumula. Mafuta anasowa, madzi anasanduka ngati mkaka. Sopo nayenso anapulumuka.

"Azakhali, za kuhotela mumazichapa bwanji?"

"Mwaulemu."

"Ndionetseni ulemuwo."

Anatulutsa ndowa yawo yapadera kuseri kwa chitseko. Anathiramo sopo, kenako anatsegula chigubu cha mankhwala ofewetsa nsalu, a buluu onunkhira aja, n'kukhuthuliramo osaumira.

"Anthu wamba ndimawathirira potsukuluza," anatero akuvundula ndi ndodo. "Koma hotela si anthu wamba. Ndimasakaniza poyamba pomwe kuti fungo lilowe mpaka mu ulusi."

"Ndipo mukawonjezera sopo?"

"Ndimawonjezeranso awa, kuti asachepekedwe."

Ndinathamanga kukatenga botolo lina, ndinatsala pang'ono kugwetsa tebulo la wosita. Ndinatunga za m'ndowazo, ndinadonthezamo mafuta, ndinakhutchumula mpaka mkono kuwawa. Thovu linafa msanga. Timibulu totuwa tinayamba kusambira m'botolomo, ndipo mafuta anabwerera pamwamba, onenepa, osakhudzidwa n'komwe.

"Taonani, taonani. Wakuba uja ndi uyu."

"Iwe, lankhula ngati munthu."

"Kachidutswa kalikonse ka sopo kali ngati mbululu, azakhali. Kusukulu timati safakitanti. Mutu wake umakonda madzi, mchira umakonda mafuta. Michira imalowa m'dontho la mafuta, mitu n'kutsalira kunja. Dontho lija limasanduka kampira, ndipo madzi amakanyamula n'kupita nako."

"Ndiye awa alakwa chiyani?"

"Awanso ndi ambululu. Koma mitu ya sopo ili ngati mbali imodzi ya batire, mitu ya awa ili ngati mbali inayo. Zikakumana zimagwirana, osasiyananso. Mwazikwatitsa. Zili pachikondi, za mafuta zaiwala."

"Nanga timizere totuwati?"

"Ndi ana awo."

Wosita anaseka mpaka anaimika simbi. "Mayi, ndiye mwakhala mukudalitsa maukwati kuseri kwa chitseko osatiitana?"

"Inu sitani," anatero azakhali. Koma anatenga mabotolo aja, limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. "Ndipo ukanama, Pulofesa?"

"Mukapukute matebulo ndi digiri yanga."

Tinaponya nsalu m'makina, madzi otentha, sopo yekha. Azakhali anagwira chigubu cha buluu pachifuwa ngati mwana amene akumulanda. Tonse atatu tinagwada pa galasi la makina monga anthu oonera mpira. Thovu linakwera. Kenako madzi anayamba kuda, kuda ndithu, ndipo ine ndinaomba m'manja ndekha.

"Madzi akuda ukusangalala?"

"Litsiro likakhala m'madzi ndiye kuti lachoka pansalu."

"Lichoke," anatero wosita, akumenya makina ndi chikhatho. "Tuluka, mwana wa mfiti."

Tinatsukuluza mpaka madzi kuyera. Pomaliza penipeni ndinalola azakhali kuthira kachivundikiro kamodzi ka mankhwala awo, sopo atapita kale. Anathira kodzaza mpaka kusefukira, akundiyang'ana m'maso.

Mayi wa kuhotela anafika wosita akumaliza nsalu yotsiriza. Anatenga imodzi pakati pa mulu, anaiyang'anitsa pawindo, anaitembenuza, anakanda pakona ndi chikhadabo. Anatenganso ina ya pansi.

"Nyamulani," mayiwo anauza dalaivala wawo. Kenako anatembenukira kwa ife. "Kukhitchini kuli maepuloni a ophika. Mafuta ake ndi opserera, akalekale. Ochapa ena anawakana."

"Opserera bwanji? A nyama kapena ophikira?" ndinafunsa. "Auma n'kuchita nkhoko?"

Azakhali ananditsina pamsana kuti nditseke kamwa.

"Mubwere nawo mawa," anatero.