Phala la M'dzanja Linkamudwalitsa Chifuniro

Mdzukulu wanga Chifuniro anakwanitsa zaka zitatu akulemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Anabadwa movutikira, anachedwa kulira, ndipo kuchipatala cha Mua anatiuza kuti ubongo wake unavulala. Khosi silinkalimba, manja ankauma, kumeza kunali kovuta. Mayi ake, mwana wanga Maness, ankatha ola lathunthu ali ndi sipuni, phala likungoyenderera pachibwano.

Ine zochedwa sindigwirizana nazo. Ana anga asanu ndi awiri ndinawalera ndi phala la m'dzanja, monga ankachitira amayi athu kuno ku Mtakataka. Mwana umamugoneka chagada pamiyendo, kuika dzanja pakamwa pake ngati chikho, kuthiramo phala lamadzimadzi. Akakana umamutseka mphuno, afune asafune ameza. Ndinamulanda Maness mwanayo n'kuyamba kumumwetsa choncho. Mbale inkatha msanga, ine n'kumanyadira.

Koma mwana ankatsamwa, kutsokomola mpaka maso kufiira, kenako n'kusanza. M'miyezi inayi anagonekedwa kawiri ndi chibayo. Thupi linkangotha.

Tsiku la sikelo, a Silvesta, alangizi athu a zaumoyo, anamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu koyezera ana. Kanasonyeza pofiira, kutanthauza kuti wanyentchera kwambiri. Anatitumiza kuchipatala komwe anamupima n'kutipatsa chiponde. Ananenanso kuti adzabwera kunyumba kudzaona mmene timamudyetsera.

Anabweradi pa njinga Lachinayi m'mawa. Ndinamugoneka mwana pamiyendo monga mwa masiku onse. Nditangothira phala koyamba, anandigwira mkono.

"Mayi, imani kaye. Phalali silikupita m'mimba lonse. Lina likulowera m'mapapo. Chibayo chija chikuchokera apa."

"Inu a Silvesta, si phala la m'dzanja lomweli linakukulitsani? Taonani mimbayo."

Anaseka. "Ndinangopulumuka, mayi. Njira imeneyi ndi yoopsa kwa mwana aliyense. Nanga Chifuniro, amene pakhosi pake pamachedwa kumeza?"

Maness ankayang'ana pansi.

A Silvesta anapempha beseni lathu lochapira. Analiika pakona ya khonde, n'kupinda zitenje ziwiri kumsana ndi m'mbali, ndipo anamukhazika mwana mowongoka, chibwano chitatsika pang'ono. Anauza Maness kuti akhale kutsogolo kwa mwanayo, aziyang'anana. Phala langa lamadzi lija anati limathamanga kuposa mmene mwanayo amamezera, komanso mulibe chakudya chokwanira. Tinaphika lina lamgaiwa, lolimbirako, losayoyoka pasipuni, losalala bwino. Tinathiramo nsinjiro, usipa wosinja ndi kusefa, ndi timafuta pang'ono.

Anati tizimupatsa ndi sipuni yaing'ono, kenako kudikira mpaka tione kuti wameza. Akatsokomola, tisiye kaye. Popeza amatopa msanga, azidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo akatha akhalebe tsonga theka la ola. Akapitiriza kutsamwa kapena akatentha thupi, tithamange naye kuchipatala.

Tsiku limenelo anadya theka la mbale. Sanasanze.

Wovuta kuphunzira ndinali ine. Kudikira mwana kuti ameze, kumunda kukundidikira, kunkandiwawa. Tsiku lina ndinadzaza sipuni kuti ntchito ithe. Maness, amene sanandiyankhepo chibadwire, anandigwira dzanja.

"Amayi, ngati mukufulumira pitani kumunda. Mbale ndisiyireni."

Ndinachepetsa phalalo pasipuni, n'kukhala pansi bwinobwino. Kuyambira pamenepo tinagawana: Maness m'mawa, ine masana.

Patatha miyezi iwiri kalamba kaja kanafika pachikasu. Mwezi wachisanu kanafika pobiriwira. Nyengo yozizira yatha Chifuniro osadwala chibayo. Kuyenda sakuyenda, ndipo timapitabe naye kuchipatala kukawongola manja ndi miyendo. Koma masaya abwerera, ndipo akaona beseni lake amaseka.

Amayi anzanga ndi agogo anzanga, mwana wovutika kumeza musamugoneke podya, musamuthire phala m'kamwa, musamutseke mphuno. Mukhazikeni tsonga, mupatseni phala lolimbirako la zosakaniza, pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo funsani alangizi.

Masiku ano Chifuniro akatseka pakamwa ndimadziwa kuti watopa. Ndimavundikira mbale, n'kumudikira.