Zuzu, Mlendo wa M'thanki

Odilia Furtado anali ataphika okutopasi, nyama ya m'nyanja ya mikono isanu ndi itatu, kwa zaka makumi anayi, Khirisimasi iliyonse, wothira vinyo wofiira, adyo ndi mbatata, monga ankaphikira malemu amayi ake. Choncho tsiku lomwe mwamuna wake Amancio analowa m'nyumba atanyamula ndowa, nkhope ili mwee ngati mwana, n'kumuonetsa kaokutopasi kamoyo kali khwinya pansi pa madzi, iye anangoti, "Kameneka sikangadzaze ndi mbale imodzi yomwe."

"Si ndiwo izi, mayi a Celeste. Ndi mlendo."

"Mlendo wa mikono isanu ndi itatu? Ndiye azitithandiza kutsuka mbale."

Amancio anakalambira m'mabwato opha nsomba za tuna, koma iye anali makaniko. Ankakonda kunena kuti anakhala panyanja zaka makumi atatu osaiona nyanjayo, poti nthawi yonse anali pansi, mutu uli mu injini. Atapuma pantchito anagula thanki yagalasi yotalika ngati sofa, n'kuiika pabalaza m'nyumba yawo ku Point Loma. Loweruka lililonse ankasungunula mchere m'ndowa ndi kusintha madzi. Nsomba zomwe zinalimo anazipereka kwa mnzake, chifukwa mlendo watsopanoyu akanazimaliza. M'malo mwake anaikamo miyala ndi mphika wa maluwa wogoneka cham'mbali kuti ukhale nyumba yake. Pachivindikiro anasanjikapo njerwa ziwiri.

"Njerwa pabalaza panga?"

"Akapeza kabowo kolowa chala, mumupeza kukhitchini."

Dzina anamutcha Zuzu, potengera Zulmira, mng'ono wake wa Odilia. Zulmira atabwera Lamulungu anafunsa chifukwa chake.

"Akagwira chinthu sasiya," anatero Amancio.

"Alamu, mwandilaula! Dikirani anenepe, ndidzabwera ndi poto wanga."

Patangotha masabata atatu, Lachiwiri lina m'mawa, Odilia anapeza mwamuna wake atagwa m'galaja, kukamwa kutapotoka, maso okha ndiwo akuyenda. Inali sitiroko. Anakhala m'chipatala miyezi iwiri.

Mwana wawo Celeste, yemwe ankakhala ku Sacramento, ananena pafoni kuti chinyamacho achibweze kusitolo. "Amayi, muli ndi zambiri kale." Odilia anavomera, koma sanachite. Ankaopa kuti bamboyo akadzabwera n'kupeza thanki ili gwaa, adzadziwa kuti a m'nyumba mwake anali atataya kale mtima.

Pakhoma pafupi ndi thanki panali pepala lomwe Amancio analembapo zonse: makapu a mchere pa ndowa imodzi, tsiku lotsuka pampu, nthawi yodyetsa. Odilia anavala magalasi n'kuyamba kutsatira mzere ndi mzere. Nkhanu zamoyo ankakagula kusitolo ya nyambo kugombe. Ankachoka kuchipatala masana, kufika kunyumba, kuchotsa njerwa, kuponya nkhanu, kubwezera njerwa. Zuzu sanamulandire. Akangoona mthunzi wake ankada bii, n'kusendera kuseri kwa mwala, diso limodzi lili kunja. Tsiku lachitatu anamuthira madzi kumaso, tsaa, mpaka magalasi kunyowa.

"Iwe! Abale ako ndaphika ambirimbiri ine. Usandiyese."

Zuzu anangomuyang'ana ndi diso lake lija lokhala ngati la mbuzi.

Zinasintha tsiku lomwe dokotala anaitanira Odilia pambali n'kumuuza kuti mkono wamanja wa bamboyo mwina sudzagwiranso ntchito, ndipo za kulankhula, aone mmene zikhalire. Odilia anathokoza mwaulemu, anayendetsa galimoto mpaka kunyumba, analowa osavula ndi jekete lomwe. Anachotsa njerwa zija, nkhanu ili m'manja, koma anaiwala kuiponya. Anangoima, dzanja lili pamwamba pa madzi.

Mkono umodzi unatuluka mumphika muja pang'onopang'ono. Unadutsa nkhanu osaikhudza, n'kudzazenga chala chake. Unali wozizira, wofewa ngati mkati mwa tsaya. Tomatira ta pamkonopo, tangati mabatani, tinagwira khungu kamodzikamodzi, ngati munthu wosaona akupapasa nkhope ya mnzake. Wachiwiri unabwera n'kuzungulira pamene amavala wotchi. Zuzu anakoka pang'ono, osati mwaukali, ngati akuti tsikira kuno.

Chiyambire tsiku la m'galaja lija Odilia anali asanalire, ngakhale pamaso pa Celeste, ngakhale kutchalitchi. Analira pamenepo, chilili, mkono wa jekete ukunyowa. Zuzu sanasiye mpaka nkhanu itapulumuka n'kugwera m'madzi. Apo ndiye anakumbuka njala.

Kuyambira tsiku limenelo ankacheza. Odilia ankamuuza zakuchipatala: kuti lero abambo amwa supu okha, kuti namwino wa kumapeto kwa sabata ndi wamwano. Anaphunzira kuika nkhanu m'botolo la jamu n'kutseka, ndipo Zuzu ankalikumbatira, kulitembenuzatembenuza, mpaka chitsekero chitapotoka. Akakondwa ankayera mbee, khungu lili see. Akapsa mtima ankamera timinga thupi lonse.

Amancio anabwera kunyumba mu Novembala, pa njinga ya odwala. Munthu amene kale ankamveka ali kutsidya kwa msewu tsopano anali ndi mawu awiri okha: "chabwino", ndi liwu lina lotukwana lomwe ankauza mainjini akakana kulira. Alendo ankawakana. Anzake akale a m'bwato akagogoda, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Ngakhale thanki sankafuna kuiyang'ana.

Odilia anapirira sabata imodzi. Kenako tsiku lina atatha kudya chamasana anakankha njinga ija mpaka pagalasi, osafunsa.

"Mlendo wanuyu ndamusamala miyezi iwiri, msana wonse kuwawa ndi ndowa. Mumupatse moni."

Amancio anatukwana.

"Tukwanani, koma moni mupereka."

Thanki inali pamwamba, ndiye anamuimiritsa, n'kumutsamiritsa paphewa pake. Anapinda malaya a mkono wakufa uja, naunyamula ngati khanda, n'kuuviika m'madzi. Zuzu anayamba wada. Kenako anatuluka yense, zomwe sankachita kawirikawiri, n'kukwera galasi mpaka pamwamba. Anagwira zala zopinda zija, n'kulowetsa nsonga ya mkono pakati pa chala ndi chala, malo omwe ngakhale mayi wa kuchipatala womuchititsa mafizo ankavutika kutsegula.

"Mukumva?" anafunsa Odilia.

Amancio anapukusa mutu. Sankamva kanthu. Koma maso ake sanachoke pamenepo, ndipo Zuzu atayesa kukokera dzanja lonse kunyumba kwake ngati nkhanu yaikulu, bamboyo anatulutsa kaphokoso kachilendo kukhosi. Odilia anadzidzimuka, kuyesa watsamwa. Kunali kuseka.

Zinakhala za tsiku ndi tsiku. Dzanjalo silinachire, zoona, koma miyendo inalimba chifukwa choimirira pagalasi paja, mphindi zisanu, kenako khumi. Mawu anayamba kubwera amodziamodzi, ngati madzi a pampopi wouma. "Nkhanu." "Mchere." "Wakuba," tsiku lomwe Zuzu analanda burashi yotsukira galasi n'kukana kubweza. Khirisimasi itafika Odilia anaphika nsomba ya mchere. Zulmira anayang'ana patebulo, anayang'ana kuthanki, natsegula pakamwa.

"Usayambe," anatero Odilia.

"Ine ndanena kanthu, achemwali?"

Chakumapeto kwa Malichi Zuzu anayamba kukokera zigoba ndi timiyala pakhomo pa mphika wake, mpaka kutsala kampata kochepa. Sanatulukenso. Odilia anaunika ndi tochi n'kuona tinthu toyera tangati mpunga titalendewera kudenga kwa mphikawo, mizeremizere. Zuzu anali pansi pake, akutisisita ndi nsonga za mikono, akutiuzira madzi.

Odilia anaimba foni kusitolo komwe Amancio anamugula, ali kukhitchini, chitseko chotseka. Mtsikana wa kumeneko analankhula mofatsa.

"Ndi mazira amenewo, mayi. Koma poti wakhala yekha chiyambire ali wamng'ono, saswa."

"Ndiye ndiwachotse, ayambenso kudya?"

"Ngakhale muchotse, sadya. Akaikira mazira ndiye kuti nthawi yake yakwana. Awalondera mwezi umodzi, mwina iwiri, kenako basi. Onse amatero. Moyo wawo ndi chaka chimodzi, ukatalika chaka ndi theka."

Odilia anakhala pampando, foni ili pamiyendo. Anaganiza zosamuuza bamboyo. Anamunamiza kuti Zuzu wangokhuta, kuti mwina ndi kuzizira. Tsiku lililonse ankapanira nkhanu pakamtengo n'kuifikitsa pakampata paja. Mkono unkatuluka, kuigwira, kuinyamula mpaka kutali, n'kuisiya. Nkhanu zokanidwazo zinayamba kuyendayenda m'thanki mopanda mantha.

"Idya, mwana iwe," ankanong'ona. "Mazirawo mulibe kanthu. Ukuferanji?"

Tsiku lina akuchita zimenezi anamva ndodo kumbuyo kwake. Amancio anali atayenda yekha kuchokera pampando. Anagwira mkono wa mkazi wake ndi dzanja lamanzere n'kuutulutsa m'madzi.

"Msiye." Anapuma, akusakasaka mawu. "Ali... pantchito."

"Mumadziwa?"

Amancio anagwedeza mutu kuvomera.

"Kuyambira tsiku lomwe munabwera nayelo? Ndiye munthu n'kugula chinthu ukudziwa kuti chaka sichitha?"

Amancio anakweza phewa lake lamoyo lija. Kenako analoza mipando iwiri ya patebulo. Odilia anaikoka n'kuiika pafupi ndi galasi, ndipo anakhala pansi onse awiri.

Anakhala choncho masana aliwonse kwa masabata asanu ndi awiri. Zuzu anaonda, khungu linatuwa mbuu, maso analowa. Koma mikono sinaleke kusisita mazira aja. Kamodzi kokha, Odilia ataviika dzanja, nsonga ya mkono inatuluka n'kukhudza chala chake, osamata, n'kubwerera.

Odilia anamupeza Zuzu Lachinayi m'mawa ali kunja kwa mphika, atagona pamchenga, woyera ngati nsalu. Odilia anayamba wakonza khofi, n'kumuveka bamboyo malaya, kenako anamuuza. Amancio anapita kukaona.

"Kunyanja," anatero.

Odilia anamutola ndi manja awiri. Anadabwa kupepuka kwake. Anamuika m'mbale yagalasi yokhala ndi chivindikiro, pamodzi ndi mazira ake, n'kuthiramo madzi a m'thanki. Anaimbira Zulmira kuti adzawayendetse pagalimoto. Zulmira anafika atavala zakuda, ndipo njira yonse sanaseleule ngakhale kamodzi.

Anaimika galimoto pafupi ndi mlatho wa asodzi wolowa m'nyanja ku Shelter Island. Odilia anatsegula kumbuyo kuti atulutse njinga, koma Amancio anakana. Anatenga ndodo. Kuchokera pagalimoto kukafika pachitsulo chotsamira panali mapazi osapitirira makumi atatu, ndipo anayenda mphindi khumi, mwendo wamanja ukukwekwereza. Amuna awiri omwe ankawedza pamenepo anasuntha ndowa zawo kuti adutse. Mmodzi, wachipewa chothimbirira, anamuzindikira.

"Furtado! Ndiwe? Tinayesa unasamukira kumanda osatsanzika!"

Amancio sanabise nkhope. Anakweza ndodo pang'ono, n'kupitirira.

Odilia anatsegula mbale ija, ndipo anaipendeketsa onse awiri, iye atagwira uku, bamboyo uko. Zuzu anatsetsereka n'kugwera m'madzi opanda phokoso. Anaoneka kanthawi akutsika, mikono itatambasuka, kenako madzi obiriwira anamubisa. Zulmira anachita chizindikiro cha mtanda, n'kufufuza kansalu m'chikwama.

Pobwerera Amancio anatopa ali pakati. Anakhala pabenchi, ndipo bambo wa chipewa uja anabwera kudzakhala pambali pake. Anayamba kusimba za bwato lina lomwe linagulitsidwa, za amene anamwalira mwezi wathawo, za bondo lake lomwe madokotala akufuna kuling'amba. Amancio ankamvetsera, apa ndi apo n'kuponyapo liwu limodzi. Odilia ndi mng'ono wake anapita kukagula khofi pakasitolo ka pamlatho, ndipo sanafulumire kubwerera. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, bamboyo ali mtulo kumpando wakumbuyo, nkhope itapsa ndi dzuwa.