Mtanda wa Nicanor

"Kankhani mwamphamvu, alamu! Nyama ya pamaliro ija mwangoidyera chabe?" Eulogia anakalipira Fermín, mng'ono wa malemu mwamuna wake Nicanor. Ankazula chipika pansi pa njanji.

"Achimwene akanandiona akanandipotola khosi," anatero Fermín. "Moyo wawo wonse ankakonza njanji yomweyi."

"Ndiye agone opanda mtanda ngati galu? Sitima inaleka kuyenda kalekale. Kankhani!"

Mtengo wina kunalibe. Nkhalango yonse ya mitengo yolimba ya kebracho makolo awo anaidula n'kuigoneka pansi pa njanjiyo. Sitima nayo inkawabweretsera madzi m'matanki, poti zitsime zakumeneko n'zamchere. Njanji itatsekedwa, madzi ankabwera pa lole, ikafuna.

Mtanda wa Nicanor unaima bwino, wofiira, wosadyeka ndi chiswe. Anthu anausirira. Posakhalitsa wina anazula chipika cha denga, wina cha khola, wina chootcha makala. Eulogia sanaletse munthu. Akanayambira pati?

Chaka cha chilala lole inalekeratu kubwera. Mbuzi za Eulogia zinayamba kugwa imodziimodzi. Mwana wake wa ku mzinda wa Rosario ankangoti, "Amayi, bwerani kuno." Iye ankakana. Manda azisesa ndani?

Tsiku lina masana kunamveka kulira kwa sitima. Boma linali litatumiza matanki a madzi. Mudzi wonse unathamangira ku siteshoni ndi ndowa, koma sitima sinafike. Inaima kutali, pamene zipika zinayambira kusowa. Anthu anailondola wapansi.

Woyendetsa anayang'ana zitsulo zitangogona pamchenga, napukusa mutu.

"Tungani zomwe mungasenze, amayi. Kuno sitibweranso. Njanji yanu ilibe miyendo."

Midzi yakutsogolo sinalandire ngakhale dontho.

Eulogia anasenza ndowa yake mpaka kumanda. Fermín anampeza akutsuka fumbi pa mtanda.

"Alamu, tiuzule tikaubwezere?"

"Chipika chimodzi chinyamule sitima? Musiyeni mkulu wanu agone. Mbuzi zatsalazo tengani."

Eulogia anapita ku Rosario pa ngolo, kenaka pa basi, ndipo sanabwerere. Fermín naye anasamuka chaka chotsatira. Pamudzipo patsala denga la siteshoni ndi mtanda uja, sunawolebe.

Inu amene mwamva izi, mukaona chinthu cha anthu onse chagona, musathamangire kuchigawana ngati chafa. Chisiyeni chigone, mwina chidzadzuka tsiku la ludzu lanu.