Tsiku Limene Basi ya Benard Inachedwa

"Ine ndi nthabwala imodzi yokha ndingachedwetse basi ya Benard!" anatero Cleopas akudziguguda pachifuwa, ndipo onse amene ankamwa tiyi m'kantini yake pa Rufunsa anaika makapu pansi.

Anali mawu aakulu. Benard ankayendetsa basi yochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo pa Rufunsa ankaima mphindi khumi zokha. Anthu ankati anasiyapo apongozi ake pa mlatho wa Luangwa akadatsutsana mtengo wa nsomba zouma. Koma nayenso Cleopas sanali munthu wamba. Anayamba ndi kusenza matumba, n'kukhala dalaivala wa malole, n'kufika ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Lubumbashi, ndipo kantiniyo anaimanga ndi thukuta lake.

Mkanganowo unabwera ndi nyuzipepa. Ba Whiteson, mphunzitsi wopuma pantchito, ankalandira nyuzi ya ku Lusaka tsiku lililonse kupatula Lamlungu kudzera mwa Benard, n'kumazisunga m'mitolo. Chimene ankakonda kwambiri chinali zojambula zoseketsa za kumapeto: timabokosi titatu, munthu wakumudzi wa chipewa chong'ambika, ndi mawu achingelezi otuluka m'kamwa mwake. Cleopas ankabwereka nyuzizo, koma asanazitsegule n'komwe, mkazi wake Eness ankakhala atazidula kale zokulungira vitumbuwa. Mpeni wa Eness unkadutsa malo omweomwewo, kabokosi kachitatu n'kupita ndi kasitomala wina. Choncho mwezi wonse wa Julaye 1994, Cleopas ankaona chiyambi chokha, mathero n'kumadzipangira m'mutu. Tsiku limene anaona nyuzi zitatu zosadulidwa, timabokosi tonse titatu tilipo, anakhumudwa.

"Zimenezi ndiye mumasekera, ba Whiteson? Lolemba wakumudzi wagwa m'ngalande. Lachiwiri wagwa pamakwerero. Lachitatu wagwa panjinga. Munthu akagwa timaseka kamodzi, kachiwiri timapita naye ku Mpanshya kuchipatala!"

"Ndi nthabwala za anthu ophunzira izi, ba Cleopas. Zimafuna Chingelezi."

"Kugwa kuli ndi Chingelezi? Wojambula wanuyu sanagonepo kumudzi. Akuganiza kuti ndife opusa. Wakumudzi amachita kuchenjera mopitirira mpaka kudzimanga yekha, poseketsa m'pamenepo!"

Apa mpamene anatchula za basi ya Benard. Ba Whiteson anavula magalasi.

"Chabwino. Mawa nyuzi ikabwera ndipinda kabokosi kachitatu, inu mumalize nokha pamaso pa okwera basi. Benard akanyamuka pa nthawi yake, mawu akuti Beira, Dar kapena Lubumbashi asatulukenso pakamwa panu mpaka tikolole chimanga chaka chamawa."

"Mulungu akuthandizeni, ba Whiteson," anatero Eness ali pamoto. "Makutu anga apume."

Cleopas anaseka nawo. Cleopas wopanda Beira angasiyane bwanji ndi wogulitsa tiyi wina aliyense?

Mawa lake basi inaima, fumbi n'kulowa mpaka m'makapu. Benard anaponya nyuzi pawindo osazimitsa injini. Ba Whiteson anaipinda, n'kuikweza m'mwamba kuti okwera amene anatsika aone, akumasulira mokweza ngati ali m'kalasi. Kabokosi koyamba: wakumudzi waima pamsewu ndi mbuzi. Kachiwiri: kondakitala akumuuza kuti mbuzi ikalowa m'basi ilipira ngati munthu.

"Taonani mbuziyo," anatero Cleopas. "Mchira walozetsa pansi ngati wa nkhosa. Sanaionepo mbuzi ameneyu, amangoidziwa m'mbale."

Awiri atatu anamwetulira. Mphindi zinayi zinali zitapita. Cleopas anang'amba katoni ya sopo, n'kutola khala pambaula, n'kuyamba kujambula. Kujambula sankadziwa. Basi yake inkaoneka ngati buledi, mbuzi ngati galu wodwala. Benard analiza hutala koyamba, ndipo anthu ena anayamba kubwerera kumipando.

Cleopas anakweza katoniyo. Palibe anaseka.

"Ndi chiyani chimenecho, mudala?" anafunsa mnyamata wina wa jekete lachikopa. "Ng'ona?"

"Ndi mbuzi iyi, mwana iwe! Yakhala pampando wa pawindo, tikiti ili kukamwa. Mwini wake ndalama inali ya munthu mmodzi. Wawerengetsa bwinobwino kuti katundu ndi wotchipa. Si uyu padenga apa, wamangidwa ndi malegeni pakati pa matumba a makala." Cleopas anagona chagada pabenchi, manja atawaphatika m'mbali, n'kufuula ndi mawu aulemu: "Ba kondakitala, mukafika musaiwale kunditsitsa! Ndine katundu wa ba mbuzi!"

Mayi wina wonenepa, amene nkhuku zake zinali padenga la basi yomweyo, ndiye anayamba. Anaseka mpaka chitumbuwa chinamugwa m'manja. Kenako chiseko chinagwira onse. Cleopas anadzuka, n'kusanduka kondakitala, n'kuwerama pamaso pa ba Whiteson: "Mutsikira pati, abwana? Mphepo siikukuvutani? Katundu wanu akuti akufuna kukataya madzi."

Ba Whiteson analimbana nacho, milomo ikunjenjemera, koma chinawaphulika m'mphuno.

Hutala inalira kachiwiri, kachitatu. Palibe anakwera. Amene anali m'kati anatsika kudzafunsa chimene chachitika. Kenako injini inazima. Benard anatsika nkhope itakwinyika, n'kukankha anthu, n'kulanda katoniyo. Anaiyang'ana, kondakitala wake akumufotokozera uku akupukuta misozi.

"Ameneyu ndimamudziwa," anatero Benard pang'onopang'ono. "Ndi wa ku Chinyunyu. Anandifunsapo zimenezi ndithu!" Ndipo anakhala pansi pa sitepe ya basi, mapewa akugwedezeka.

"Tambasulani kabokosi kachitatu ka ku Lusaka tione!" anafuula Cleopas.

Ba Whiteson anatambasula nyuziyo. Basi yanyamuka, wakumudzi wagwa m'matope, mbuzi ikumuyang'ana.

"Wagwanso," anatero mayi wa nkhuku uja, mwachisoni. "Kodi alibe abale?"

Basi inachoka pa Rufunsa itaima mphindi makumi atatu ndi zinayi, pa wotchi ya ba Whiteson eni ake. Katoni ija Benard anapita nayo, n'kuimata pamwamba pa galasi lakutsogolo.

"Mwapambana," anatero ba Whiteson. "Koma mtolo wanga wa Julaye uli m'mimba mwa vitumbuwa."

"Munthu amene anawoloka doko la Beira ndi lole ya matayala khumi ndi asanu ndi atatu sangafe ndi mapepala a mnzake," anayankha Cleopas, ndipo Eness anabuula.

Loweruka Cleopas anakwera basi ya ku Lusaka, pampando wa pawindo, n'kukafunafuna nyuzi zakale mpaka ku ofesi kumene amazisindikiza. Lolemba anatsika pa Rufunsa atasenza mtolo paphewa. Anayamba wabisa mpeni wa Eness, kenako anaziyala patebulo pamaso pa ba Whiteson, imodziimodzi motsata masiku: nyuzi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, zonse zili ndi kabokosi kachitatu.