Ziganizo Zitatu za Imelda

Imelda anaphunzira Chifalansa miyezi isanu ndi itatu kuti adzanene ziganizo zitatu basi. Mwamuna wake atamwalira, achibale a mwamunayo anatenga mwana wake Sampa, ali ndi zaka ziwiri, n'kupita naye ku Lubumbashi, ku Congo, kumene amayankhula Chifalansa. Tsopano Sampa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Chinyanja sankachidziwa, ngakhale "bwera".

Loweruka lililonse Imelda ankatseka saluni yake ku Kabwata n'kupita kwa ba Norbert, mphunzitsi wa ku Congo amene ankaphunzitsira m'galaja ku Libala. Bamboyo nthawi za aneni ankazikonda ngati ana ake.

"Imparfait ni ya vintu vamene venze kuchitika daily," ankatero. "Présent ni ya manje. Futur ni promise. Osaikamba ngati siuzachita."

Imelda anasankha chiganizo chimodzi pa iliyonse ya nthawi zitatuzi: ndinkakubereka kumsana, ndimakukonda, ndidzabwera kudzakutenga. Ankazibwereza akuluka tsitsi mpaka makasitomala anaziloweza.

Mlamu wake, ba Mulubwa, mlongo wa malemu mwamuna wake, amene ankasunga mwanayo, analola foni Lamlungu masana, mphindi zisanu zokha asanapite kukwaya. Apa ndiye ulemu unamupweteka Imelda. Munthu woleredwa bwino wa ku Chipata sangangoti "ndipatseni mwana" ngati wabwera kudzagula tomato. Anapereka moni kwa mlamu. Anafunsa za mwendo wa apongozi. Apongoziwo anatenga foni n'kufotokoza mwendowo kuyambira m'bondo mpaka kuchala, iye akungoti "pepani, amayi", maso ali pa wotchi, mtima ukupsa. Kuwadula mawu apongozi, pakamwa pake panakana.

"Mulamu, time yasila," anatero ba Mulubwa, kenako anaitana mwanayo.

Kunamveka kamawu kaulemu, kothamanga: "Bonjour, madame."

Imelda anatsegula pakamwa. Chifalansa chonse chinathawa. Chimene chinatuluka ndi "Sampa, mwana wanga", m'chinenero chimene mwanayo samva. Kenako anamumva akufunsa azakhali ake chapansipansi kuti mayi ameneyu ndani. Funsolo linali la Chifalansa, ndipo Imelda analimva bwinobwino, liwu ndi liwu. Foni inaduka, ndipo atayimbanso sinayankhidwe.

Loweruka anapitabe kugalaja, poti kunyumba akanangolira. Ba Norbert anamupempha kuti anene ziganizo zake zija pamaso pa anzake a m'kalasi. Ananena choyamba, mosalakwitsa. Ananena chachiwiri. Kenako anakhala pansi.

"Nanga futur, ba Imelda?"

"Ba ticha, ndimwe munakamba," anayankha akutseka kope lake. "Osaikamba ngati siuzachita."