Bokosi la Olivia Linadikira Ovala Zoyera

Nkhani iyi anandiuza ndi a Josephat Sakala, mkulu wina wolima thonje amene ndinakhala naye mpando umodzi m'minibasi pa Sinda, tikudikira kuti idzaze. Ine ndimangoyenda, ndipo wokhala pafupi nane sindimusiya chete.

Akazi awo, a Olivia, anali nesi pa kakiliniki ka kumalire, cha ku Vubwi. Anali a gulu lija amati enirodi, anesi a maphunziro ofupikirapo. Ntchito yonse inali yawo: kubaya jekeseni, kusoka mabala a khasu, kubereketsa amayi a kuno ndi a kutsidya ku Mozambique. Koma alendo a ku boma akabwera, ankawapitirira pakhomo n'kufunsa kuti, “Kodi pano nesi weniweni palibe?”

Shuga atawafooketsa, anapempha chinthu chimodzi chokha.

“Bambo a Febby, ndikadzapita, bokosi langa adzanyamule anesi anzanga atavala zoyera, monga tinachitira pa maliro a sisita wamkulu ku Katete.”

“Iwe, udzayamba ndiwe kunyamula ine,” anatero a Sakala, n'kuseka.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Sakala anaimbira foni ku ofesi ya zaumoyo. Anawayankha kuti galimoto ibwera mawa m'mawa ndi anesi okwanira. M'mawa mwake manda anakumbidwa, amayi a Chigwirizano anaimba mpaka mawu kusasa, koma kumsewu kunali zii.

Mkulu wa adzukulu okumba manda anakokera a Sakala pambali.

“Malume, kutentha uku mukukuona. Mayi athu m'nyumbamo sadikira galimoto.”

“Ndinamulonjeza. Tiika mawa.”

Kumudzi maliro sagonekedwa chifukwa cha yunifomu. Abale a akazi awo anakwiya, ena anakwera njinga n'kubwerera kwawo. A Sakala anaimbanso foni. Mnyamata wa mu ofesi anati galimoto yapita ku msonkhano ku Chipata, kenako anafunsa kuti, “Pepani bambo, malemuwo anali nesi kapena wothandizira chabe?”

Tsiku lotsatira fungo linayamba kutuluka pawindo. Febby, mwana wawo, anagwada pamaso pawo.

“Atate, amayi anasambitsa anthu moyo wawo wonse. Musalole kuti anthu awakumbukire atagwira mphuno.”

A Sakala anangogwedeza mutu movomera. Adzukulu ananyamula bokosi mothamanga, ndi malaya awo a kumunda.

Ali pakati pa njira, akuti kunatulukira njinga yamoto. Anatsika Caroline, nesi wamng'ono wa maphunziro apamwamba amene anaikidwa kukhala bwana wa a Olivia, yunifomu yake itafiira ndi fumbi. Munthu mmodzi sanyamula bokosi. Anangoika dzanja pa matabwa n'kuyenda nalo mpaka kumanda, akulira kuti, “Sisita, sisita.” Dzina laulemu limenelo a Olivia anali asanaitanidwepo nalo ndi wa pantchito aliyense.

Pofika apa minibasi inali itadzaza, ndipo a Sakala ankayang'ana kunja.

Za kudikira, za foni ndi za fungo ndikukhulupirira. Za Caroline ndikukayika. Pa gawo limenelo mkuluyo analankhula mofulumira, osandiyang'ana. Ndikuganiza kuti sipanabwere nesi aliyense, ndipo mtsikanayo anamuwonjezera okha kuti nkhaniyo athe kuifotokoza mpaka kumapeto.