Majini a Lígia

Osório, wokumba golide, anakhotetsa ngalande ya amayi kuti azitsukira dothi lake, ndipo tomato wathu anauma.

Ku univesidade ndinkafufuza tinyongolotsi tokhala ndi kapaipi kotayira madzi, ka selo limodzi lokha. Ukawononga jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa chake, kapaipiko kamatsekeka, kanyongolotsi n'kutupa ndi madzi ake omwe. Choncho madzi olowa m'dzenje la Osório sindinawakhudze. Ndinangoyika mwala m'paipi ya pampu yake yotulutsira madzi m'dzenjemo. Pofika masana dzenjelo linali dziwe, pampu ili pansi pa madzi.

"Mana Lígia, akuti munaphunzira za majini?" Osório anandifunsa motsitsa mawu. Iye ankanena ziwanda.

"Inde, bambo. Apa ndangoyesa imodzi."

Anatenga khasu n'kubwezera ngalande kudimba kwathu. Za mwalawo sindinamuuze.